MWANA WA KU LODEBARA

Mau a mwezi wa Januwale, pa kutsegulidwa kwa masukulu. Powerenga: 2 Samueli 9.

Mwezi wa Januwale ndiwo mwezi wa mvula, wa kupalira, ndi wa kutsegulidwa kwa masukulu. M'mamawa ana adzaza tinjira ta m'minda, mabuku atawakulunga bwino kuopa mame. Ndipo pofika ku sukulu mphunzitsi atsegula kaundula naitana maina, ndi yense wochulidwa abvomera. Mwana akajomba masiku angapo, mphunzitsi afunsa anzace za iye. Koma alipo ana ena amene palibe munthu awafunsa, pakuti maina ao sanalembedwe konse. Wina akhala pakhonde tsiku lonse popeza miyendo yace siitha kumnyamula. Wina samva, ndipo a m'mudzi anamuyesa citsiru kale lomwe. Wina ali ndi khunyu, amace naopa kuti angagwere mumtsinje popita. Kaundula sawadziwa ana otere, ndipo mphunzitsi wokhulupirika akhoza kukalamba pa sukulu imodzi osamva kuti alipo.

Malembo ali nayo nkhani ya mwana wotere. Pamene Sauli ndi mwana wace Jonatani anafa pa nkhondo ya Afilisti pa phiri la Giliboa, Jonatani anasiya mwana wa zaka 5, dzina lace Mefiboseti. Uthenga wa maliro utafika, mlezi wa mwanayo anamkwatula kuti athawe naye, ndipo m'ciphwirikiti comweco mwana anagwa, naonongeka miyendo yonse iwiri. Cifunika kuima pano pang'ono. Mlezi uja sanali mfiti, analikupulumutsa mwanayo. Jonatani sanali munthu wa mankhwala oipa. Anali bwenzi loona la Davide. Kupunduka kunadza ndi ngozi ya tsiku limodzi, monga akale ananena kuti lungalunga mpobadwa, cilema cicita kudza. Ndipo cidzabe lero ndi njira zodziwika: cikuku cikhoza kupha maso a mwana, malungo olowa m'mutu ndi nthenda youmitsa khosi zikhoza kupha makutu, ndi kubadwa kobvuta kukhoza kufoola manja ndi miyendo. Koma m'midzi yambiri banja likaona izi liyamba lafunafuna amene anacita, nilitha mbuzi kwa asing'anga, niliononga cibale. Ndipo pamene akulu alikulozana zala, zaka za mwana zoyambira sukulu zirikupita. Ambuye Yesu anakana funso lomwelo pamene ophunzira anafuna kudziwa mwini chimo pa munthu wobadwa wosaona (Yohane 9).

Mefiboseti anakulira ku Lodebara, tsidya lija la Yordano, m'nyumba ya Makiri mwana wa Amiyeli. Sanamzunze kumeneko. Analikudya, analikugona m'nyumba, anali ndi womsamala. Cimene cinamsowa ndico malo ace pakati pa anthu. Lodebara yotere iripo pafupi ndi sukulu iri yonse: ndiyo kuseri kwa nkhokwe kumene amuika mwana alendo akafika, ndiyo mphasa ya pakhonde imene aona nayo anzace alikupita ndi kubwera. Makolo ambiri ocita ici sacita ndi nkhanza ai. Acita ndi manyazi, ndi mantha, ndi cikondi cimene ciganiza kuti kubisa ndiko kusunga.

Tsono Davide, atakhazikika pa mpando wacifumu ku Yerusalemu, anafunsa ngati anatsalako wina wa banja la Sauli woti amcitire zokoma cifukwa ca Jonatani. Palibe anadza kudzadandaula pa bwalo lace. Cipata ca mfumu cinali cotseguka, ndipo Davide akadatha kunena kuti wofuna kanthu abwere yekha. Koma munthu wopunduka miyendo iwiri, wa banja la mfumu yogonja, wa pfuko la Benjamini pamene mfumu yatsopano iri ya Yuda, sakadabwera ngakhale cipata cikhale cotseguka zaka makumi anai. Cotero mfumu inayamba ndiyo kufunsa, ndipo itamva inatuma anthu kukamtenga.

Dziko la Zambia lidziwa bwino za zipata zotsekedwa. M'masiku a Northern Rhodesia masukulu anali osiyana monga mwa khungu: a Azungu paokha, a Amwenye paokha, a Makaladi paokha, ndi a anthu akuda paokha. M'zaka za Federation, kuyambira 1953 kufikira 1963, ngakhale boma loyang'anira linali losiyana, pakuti masukulu a anthu akuda anatsalira boma la dziko lino pamene enawo anali m'manja mwa boma la Federation. Cipatso cace cinaoneka pa 24 Okutobala 1964, tsiku la ufulu, pamene eni dziko amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha. Boma latsopano linathetsa kusankhana khungu m'masukulu. Mu 2002 malipiro a sukulu za pulaimale anacotsedwa, ndipo mu Januwale 2022 anacotsedwanso m'masukulu a boma kufikira giredi 12, kotero kuti ana ambiri amene anakhala pansi cifukwa ca ndalama anabwerera, nadzaza zipinda. Izi nzoyenera kuyamika Mulungu. Koma lamulo litsegula cipata cokha; liribe msana wobereka mwana. Mwana wothamanga anamva nathamanga. Wa ku Lodebara ali pomwe anali.

Pamene Davide anafunsa, anamuitanira Ziba, kapolo wakale wa nyumba ya Sauli. Wowerenga mosamala adzaona kuti Ziba sanachule dzina la mwanayo. Anachula atate wace, nachula cilema cace, basi. Koma Mefiboseti atafika nagwa nkhope pansi ndi mantha, mau oyamba a mfumu anali dzina lace. Kanthu aka kaoneka kakang'ono, koma ana adziwa kulemera kwace. M'midzi ndi m'mabwalo a sukulu mwana wolumala kawirikawiri alibe dzina: ali "kosamva kaja," "kotsimphina," "wakugwa uja." Akulu ayamba, ana natsata. Mwana woitanidwa cotere zaka khumi afika pobvomera kuti ndiye dzina lace, monga Mefiboseti yemwe, mdzukulu wa mfumu, anadziyerekeza ndi galu wakufa pamaso pa Davide. Sanabadwe nao mau amenewo. Anawaphunzira kwa anthu. Mphunzitsi amene aletsa maina acipongwe m'cipinda cace tsiku loyamba, naitana mwana ali yense ndi dzina limene amace anampatsa, wacita nchito yosafuna ndalama ya boma kapena ya mpingo.

Ena adzati, kodi wakhungu aphunzire kuti akacite ciani? Funso ili nlakale, ndipo linayankhidwa kale. Louis Braille anabadwa mu 1809 m'mudzi wa Coupvray ku France. Ali ndi zaka 3 anadzilasa m'diso ndi cipangizo cakuthwa m'nyumba imene atate wace analikusokeramo zikopa, ndipo maso onse awiri anafa. Makolo ace sanamsunge pakhonde. Anamtuma ku sukulu, poyamba ya m'mudzi, pambuyo pace ya akhungu ku Paris. Pofika 1824, ali ndi zaka 15, anali atakonza malembedwe a timadontho totukuka 6, timene munthu awerenga ndi nsonga za zala. Akulu a maphunziro anacedwa kubvomera nzeru ya mnyamata wosaona, pakuti sukulu yace yomwe inalandira malembedwewo mwa lamulo mu 1854, iye atafa kale zaka ziwiri. Koma malembedwe amenewo anafika kufikira ku Magwero, pafupi ndi Chipata, kumene amishoni a Dutch Reformed Church anamanga mu 1899. Kumeneko mu 1905 Issie Hofmeyr, mkazi wa mmishonale, anayamba kuphunzitsa akhungu, ndipo Ella Botes anapitiriza nchitoyo zaka zambiri; pambuyo pace panatsegulidwanso sukulu ya ogontha. Ici cinali ciyambi ca maphunziro a olumala m'dziko lino, ndipo cinayamba masukulu a ana openya akali owerengeka. Okalamba akumbukiranso Lazarus Tembo, woyimba wosaona, amene anakhala nduna ya boma m'masiku a Kenneth Kaunda. Ngati munthu afunsabe cimene wakhungu angacite, abvomere kuti khungu liri pa iye mwini.

Koma sukulu zapadera ziri zocepa, ndipo ziri kutali ndi midzi yambiri. Ndiponso sukulu yapadera ikhoza kusanduka Lodebara ina, ngati banja liperekeza mwana kumeneko kuti limuiwale, osamcezera, osafuna kuphunzira ngakhale cizindikiro cimodzi ca cinenero ca manja cimene mwana wao wogontha alankhula naco. Cifukwa cace mu 1994 maboma 92 anasonkhana ku Salamanca m'dziko la Spain, nagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, olumala ndi osalumala, kuti akulire pamodzi. Ndipo mu 2012 nyumba ya malamulo ya Zambia inapanga lamulo la anthu olumala loletsa kuwasankha, pa maphunziro pomwe. Maganizo awa ngabwino, ndipo agwirizana ndi gome la Davide, pakuti Mefiboseti sanampatse nsima yace kuseri, koma anadya pamodzi ndi ana a mfumu. Komabe coonadi cinenedwe conse. Kutenga mwana wogontha ndi kumkhazika kumbuyo kwa cipinda codzaza, kumene mphunzitsi alankhula atayang'ana ku bolodi, sikumlandira ai, koma kumsamutsa khonde. Mwana wosaona konse afuna mphunzitsi wodziwa Braille, ndi wogontha konse afuna wodziwa cinenero ca manja. Ndipo pamene sukulu ya pafupi iribe otere, makolo afunse kwa mphunzitsi wamkulu ndi ku ofesi ya maphunziro ya boma lao za malo amene alipo. Cosaloleka ndi cimodzi: kumsiya pomwe ali.

Davide sanalekere pa kumpatsa mpando. Anambwezera minda yonse ya Sauli. Ndipo podziwa kuti wopunduka sagwira khasu, analamulira Ziba, amene anali ndi ana amuna 15 ndi anyamata 20, kuti azimlimira. Ana a mfumu sanapatsidwe olima otere. Kodi Davide anakondera? Mai ali yense adziwa yankho. Pa nthawi ya cakudya aika nsima imodzi pakati pa ana onse. Koma wina akadwala amphikira phala, nathiramo nsinjiro, namdyetsa ndi dzanja lace, ndipo palibe mwana wanzeru anena kuti amai asankha. Kupatsa onse cinthu cofanana nkwapafupi, ndipo munthu waulesi akukonda. Kupatsa yense cimene cimsowa kuti afike pamene anzace afika, kumeneko ndiko cilungamo, ndipo kufuna maso odekha, monga a munthu wofuna kuona maso a nkhono.

M'cipinda ca sukulu phala limeneli liri m'zinthu zazing'ono. Mwana wa cialubino saona patali, ndipo kuwala kumlasa m'maso; afunika kukhala kutsogolo, pafupi ndi bolodi, kutali ndi zenera, ndipo mphunzitsi alembe zilembo zazikulu. Dzuwa liocha khungu lace kufikira kuyambitsa zironda za khansa. Cotero aloledwe cipewa ndi malaya a manja atali angakhale yunifomu inena zina, ndipo asamtume kukachecha udzu masana. Anzace auzidwe poyera kuti khungu lotere silipatsirana, ndi kuti licokera ku mwazi wa atate ndi wa amai onse awiri. Mau awa awamve makamaka abambo amene athamangitsa mkazi cifukwa ca mwana wotere. Mwana wa khunyu naye sapatsira munthu, kapena ndi thobvu, kapena ndi mpweya wace, monga ambiri aopa. Akagwa, amcotsere zinthu zimene zingampweteke, amuikire cofewa kumutu, asamuike kanthu m'kamwa, asampanikize, ndipo kugwedezeka kukaleka amgoneke cammbali kufikira atatsitsimuka. Mankhwala a ku cipatala, akamwedwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, aletsa kugwa mwa ambiri. Mwana wosamva bwino akhale pamene aona milomo ya mphunzitsi. Ndipo cimbudzi ca sukulu cikhale ndi khomo lalikulu ndi pogwira, pakuti ana ena anasiya sukulu osati cifukwa ca masamu, koma cifukwa ca manyazi a kukwawa pansi pa cimbudzi. Yakobo mtumwi anadzudzula mpingo umene upatsa wobvala bwino malo aulemu nuimika waumphawi kumbuyo (Yakobo 2). Mipando ya sukulu igawidwanso ndi anthu, ndipo kawirikawiri ya kutsogolo itengedwa ndi amphamvu ndi ofika msanga.

Si miyendo yokha imene isiya mwana kunja. Boma linasankha zinenero 7 za m'masukulu ndi pa wailesi: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Kum'mawa kuno gawo linagwera Cinyanja. Koma mwana wa ku Lundazi afika ndi Citumbuka m'kamwa, wa ku Petauke ndi Cinsenga, wa ku Mambwe ndi Cikunda. Buku liti madzi, iye kwao ati maji kapena manzi; ndipo anzace akaseka, mphunzitsi nasekako, mwanayo atseka pakamwa caka conse, nalembedwa kuti ngwogona m'mutu. Eni ace a Cinyanja ayenera kucenjera pano, pakuti iwo omwe anamva kuwawa pamene analikulangidwa cifukwa colankhula cinenero cao m'malo mwa Cingerezi. Pa tsiku la Pentekoste Mzimu sanasankhe cinenero cimodzi. Mlendo ali yense anamva m'ca kwao. Mphunzitsi wanzeru afunsa mwanayo kuti kwao acinena bwanji, nacilemba pa bolodi pambali pa mau a m'buku, ndipo cipinda conse ciphunzira mau awiri m'malo mwa amodzi.

Za ana akazi otenga pakati mau ngolimba, koma ayenera kunenedwa. Kale mtsikana wotere analikucotsedwa sukulu kosabwereranso, pamene mnyamata kapena bambo amene anacita naye analikupitirira ngati palibe kanthu. Mu 1997 boma linalola kuti abwerere akabereka. Masukulu ena a mipingo anacedwa kulandira ici, poopa kuti kungaoneke ngati kubvomereza chimo. Mantha ao amveka. Koma mpingo uli nayo njira yace yolangizira ndi kubweza wolakwa, ndipo umbuli suli m'gulu la zilango zimene Mulungu anapatsa mpingo. Kumana mai maphunziro ndiko kulanga khanda limene silinacimwe. Cimodzimodzi mnyamata woperekedwa kukaweta ng'ombe za eni zaka zingapo kuti banja lipate ng'ombe imodzi: ng'ombe ifika, koma mnyamata wakula, ndipo acita manyazi kukhala pa mpando umodzi ndi tiana ta zaka 7.

Mutu wa 9 utsiriza ndi kukumbutsa owerenga kuti Mefiboseti anali cipundukire. Palibe cozizwitsa cinacitika pa gome la mfumu. Akristu ena akonda wolumala pokha-pokha ngati ali woti amcize. Amnyamula kumka naye ku mapemphero mwezi ndi mwezi, ndipo akapanda kuimirira anena kuti cikhulupiriro cace ncocepa, namtaya. Kupempherera odwala nkolamulidwa, ndipo kusaleke. Koma Davide sanayembekeze miyendo kuti iwongoke asanayale mpando. Mwana alembedwe sukulu caka cino monga ali, mapemphero napitirire.

Nchito ya kufunsa igwera makamaka mpingo, popeza mpingo ufika kumene kaundula safika. Mkulu wa mpingo adziwa khomo liri lonse la dera lace. Amai a bungwe alowa m'nyumba pa matenda ndi pa maliro, naona mwana amene alendo samuona. Akakhala pansi pamodzi ndi nyakwawa ndi mphunzitsi wamkulu, nachula nyumba ndi nyumba ana a msinkhu wa sukulu amene sapita, ndi cifukwa ca yense, adzapeza kuti zifukwa siziri zofanana, ndi kuti zina zicepa modabwitsa. Ndipo polankhula ndi makolo asafike ngati oweruza. Mai amene wabereka kumsana mwana wa zaka 9 kupita naye kumunda ndi kucitsime sasowa womuuza za cikondi. Asowa womlandira katundu.

Nkhani ya Mefiboseti iri ndi mbali ina imene siwerengedwa kawirikawiri. Pamene Abisalomu anaukira atate wace, Davide nathawa m'Yerusalemu, Mefiboseti sanapite nao. Ziba anakomana ndi mfumu panjira ali ndi aburu ndi zakudya, nanena kuti mbuye wace watsala dala poyembekeza ufumu wa Sauli. Ndipo Davide, osamva mbali inayo, anapereka minda yonse kwa Ziba (2 Samueli 16). Mfumu itabwerera, Mefiboseti anaoneka wosasamba, wosameta, nafotokoza kuti anafuna kukwera buru kuti atsate mfumu, koma mnyamata wace anamnyenga namsiya (2 Samueli 19). Kukhulupirika kwa munthu kunakayikidwa cifukwa ca kusowa buru mmodzi. Cotere cicitika m'mwezi wa Febuluwale, mitsinje itadzala ndi njira zitasanduka matope: mwana wotsimphina amene analembedwa ndi cimwemwe mu Januwale ayamba kujomba, ndipo ena ati anali wosafuna kuyambira kale. Asanamweruze amfunse. Mwina mlongo wace amene analikumbereka wadwala. Mwina njinga ya olumala imene anapatsidwa yathyoka gudumu, ndipo wokonza njinga ali pamsika pomwepo. Pa mpingo uli wonse alipo wina wa njinga amene adutsa pa sukulu popita ku dimba, ndipo ngolo imene itengera cimanga ku cigayo imangidwa m'mamawa, nthawi yomweyo imene belu la sukulu lilira.